Bala la chikwapu limauma pakhungu, nanga mumtima? Mbiri ya mmene madokotala anadziwira

Lero sitikamba za phala kapena katemera. Ndabwera ndi mbiri, ndipo ndi yaitali ndithu, choncho ngati muli kumunda kapena pamsika isungeni mudzawerenge madzulo. Omwe alibe foni muwawerengereko.

Nkhani ya kumenya ana ikangoyambika, pamakhala mawu amodzi omwe sasowa: "Ife tinakula ndi chikwapu, koma si ife tili bwinobwinofe?" Funso limeneli si lachibwana ayi. Madokotala enieniwo zinawatengera zaka zoposa 100 kuti apeze yankho lake, ndipo zambiri mwa zaka zimenezo anakhala akuyang'ana kumbali. Ndikamati nkhanza ndikunena kukwapula mwana ndi ndodo, lamba, paipi kapena waya mpaka mikwingwirima, kumuwomba makofi mpaka kutupa, kumuponda, kumumanga ndi chingwe, kumuwotcha manja pamoto chifukwa wabako ndiwo kapena ndalama. Zimenezi si zachilendo m'midzi mwathu muno, tonse timazimva pa wailesi.

Mbiriyi tiyambire ku France, mumzinda wa Paris, m'chaka cha 1860. Kumeneko kunali dokotala wina dzina lake Ambroise Tardieu, amene ntchito yake inali kupima ovulala ndi mitembo kuti akapereke umboni kukhoti. Iye analemba za ana 32 amene anazunzidwa, ambiri mwa iwo ndi makolo awo omwe, ndipo 18 mwa anawo anamwalira. Chimene chimandichititsa chidwi n'choti Tardieu sanangowerenga zipsera. Anaonanso nkhope za anawo: zachisoni, zamantha, maso ozizira ngati mwana sakuona chilichonse. Anaonanso kuti akawachotsa panyumbapo n'kuwaika m'manja mwa anthu achifundo, nkhope zija zinkasintha msanga. Apa n'kuti waona kale kuti chikwapu sichithera pakhungu. Koma madokotala anzake sanazilabadire. Nthawi imeneyo anthu ankati zochitika m'nyumba ya munthu ndi za mwini nyumba, ndipo zolemba zake zinangoiwalika.

Patapita zaka 14, mu 1874, ku New York ku America kunachitika nkhani imene inagwedeza anthu. Kamtsikana ka zaka pafupifupi 10, Mary Ellen Wilson, kankakhala ndi mayi wongokalera amene ankakakwapula ndi chikoti, kukatsekera m'nyumba, mpaka kukacheka pankhope ndi sizasi. Mayi wina woyendera anthu osauka, Etta Wheeler, anayesa kupempha thandizo uku ndi uku koma osaphula kanthu. Mapeto ake anapita kwa Henry Bergh, munthu amene anayambitsa bungwe loteteza ziweto ku nkhanza. Tamvani bwino pamenepa: bungwe loteteza mahatchi ndi agalu linalipo, koma loteteza ana kunalibe. Bergh anapeza loya, nkhani inalowa m'khoti, mayi uja anamangidwa chaka chimodzi, ndipo posakhalitsa mumzindawo munakhazikitsidwa bungwe loteteza ana ku nkhanza. Mary Ellen anakaleredwa ndi abale ake a Etta Wheeler, anakula, anakwatiwa, anabereka ana aakazi awiri ndipo woyambayo anamutcha Etta. Anamwalira mu 1956 ali ndi zaka 92. Dzina lake mulisunge, tibwererako kutsogoloku.

Mabungwe anayamba, koma kuchipatala kunali zii. Mu 1946 dokotala wojambula mafupa, John Caffey, analemba za makanda 6 amene anali ndi magazi oundana m'mutu komanso mafupa othyoka a mikono ndi miyendo, ena atsopano ena oyamba kale kulumikizana. Makolo ankati sakudziwa chimene chinachitika. Caffey anaona kuti kuvulala kumeneku kunkachitika mobwerezabwereza, koma sanafike potchula poyera kuti ovulaza anawo anali a m'nyumba momwemo. Amene anatchula anali C. Henry Kempe, dokotala wa ana wa ku Denver, pamodzi ndi anzake mu 1962. Iwo anafunsa zipatala 71 ndipo anapeza ana 302 omenyedwa m'chaka chimodzi chokha. Mwa iwo 33 anamwalira, 85 anawonongeka ubongo mpaka kalekale. Kempe anauza madokotala anzake kuti zimene akufotokoza makolo zikapanda kugwirizana ndi bala limene mukuliona, musangolemba kuti mwana anagwa. Pasanathe zaka 10, zigawo zonse za dziko la America zinali ndi malamulo olamula madokotala kukanena akakayikira nkhanza. Mwambo umene timatsatira ife anamwino lero, wofunsitsa mwana akabwera ndi bala losamveka bwino, unachokera kumeneko. Ndiye tikamakufunsani mafunso ambiri, musamati nesiyu ndi wamwano.

Kempe ndi anzake anaonanso chinthu china chimene anangochitchula mwachidule: ena mwa makolo omenya anawo nawonso anamenyedwa ali aang'ono. Komabe maso a madokotala anali pa thupi la mwana, pa fupa ndi pa bala. Mwana akachira n'kutuluka m'chipatala, nkhani inkaoneka ngati yatha. Funso loti mwana ameneyu adzakhala munthu wotani akadzafika zaka 40 kapena 60 linali lisanafunsidwe mokwanira.

Yankho linabwera modabwitsa, kuchokera ku chipatala chothandiza anthu onenepa kwambiri. Cha m'ma 1985 dokotala Vincent Felitti wa ku San Diego anadabwa kuona kuti pafupifupi theka la anthu ake ankasiya thandizo panjira, ndipo ambiri osiyawo anali omwe thupi linali litayamba kutsika bwino. Atakhala nawo pansi mmodzimmodzi n'kuwafunsa za moyo wawo kuyambira ubwana, anapeza kuti ambiri anachitidwa nkhanza ali ana, makamaka kugwiriridwa. Kwa ena kudya kwambiri kunali njira yoziziritsira mtima. Felitti anagwirizana ndi Robert Anda wa ku bungwe la boma la America loona za matenda la CDC, ndipo pakati pa 1995 ndi 1997 anafunsa anthu akuluakulu oposa 17,000. Mafunso ake anali osavuta: kodi muli mwana munkamenyedwa, kutukwanidwa, kugwiriridwa? Kodi mayi anu ankamenyedwa inu mukuona? Kodi panyumba panali chidakwa, wodwala maganizo kapena womangidwa? Kenako mayankhowo anawayika pambali pa mabuku a zaumoyo a anthuwo.

Zotsatira zoyamba zinatuluka mu 1998. Poyerekeza ndi anthu amene sanakumane ndi vuto lililonse mwa amenewa, amene anakumana ndi mitundu 4 kapena kuposa anali ndi chiopsezo choposa ka 4 chodwala matenda okhumudwa, choposa ka 7 chokhala zidakwa, ndi cha ka 12 choyesapo kudzipha. Matenda a mtima, a chiwindi ndi a m'mapapo analinso ochuluka pakati pawo. Mavuto a paubwana akamachuluka, chiopsezo chinkakweranso, ngati masitepe. Pa gulu lonse lija, anthu 28 pa 100 alionse ananena kuti anamenyedwa mwankhanza ali ana. Ndipo dziwani kuti amenewa sanali amphawi ayi. Ambiri anali ophunzira, apantchito, a zaka za m'ma 50, anthu amene mukawaona panjira mungati zonse zili bwino. Akanafunsidwa pamsonkhano wa mudzi, ambiri akanayankha ngati mmene timayankhira ife, kuti tinakula bwinobwino.

Anthu ena anatsutsa, ndipo mfundo yawo inali yomveka. Ankati munthu wokhumudwa amakumbukira zoipa zokhazokha, ndiye mwina matendawo ndi amene akupangitsa ubwana kuoneka wowawa. Apa m'pamene ntchito ya mayi wina wofufuza, Cathy Spatz Widom, ili yofunika. Iye sanadalire kukumbukira kwa munthu. Anatenga mabuku a khoti a ana 908 amene nkhani zawo za nkhanza ndi kusasamalidwa zinatsimikizidwa pakati pa 1967 ndi 1971, n'kupeza ana ena ofanana nawo zaka ndi kochokera amene analibe nkhani zotere, ndipo anawatsatira onsewo mpaka kukula. Ozunzidwa aja anapezeka ochuluka pakati pa omangidwa ndi apolisi, komanso pakati pa odwala matenda okhumudwa ndi matenda a mantha obwera chifukwa cha zoopsa zimene munthu anadutsamo. Mu 2012 ofufuza a ku Australia anasonkhanitsa akafukufuku 124 ndipo anapeza zomwezo: amene anamenyedwa mwankhanza ali ana ali ndi chiopsezo choposa ka 3 choyesa kudzipha.

Nanga chikwapu cha zaka 30 zapitazo chimafika bwanji m'mutu mwa munthu wamkulu? Thupi lathu lili ndi mlonda. Mukakumana ndi njoka panjira, kachigawo kena ka ubongo kotchedwa amygdala kamaimba belu, thupi limatulutsa timadzi totchedwa adrenaline ndi cortisol, mtima umathamanga, minofu imakungika kuti muthawe kapena mumenyane nayo. Njoka ikapita, zonse zimabwerera mwakale. Tsono taganizani za mwana amene choopsa chake chimagona naye nyumba imodzi. Sadziwa kuti lero bambo abwera ataledzera kapena ayi, sadziwa kuti mbale ikasweka chichitike n'chiyani. Choipitsitsa n'choti munthu amene mwana amayenera kuthawirako akachita mantha ndi yemweyo amene akumuopa. Mlonda uja sagonanso, ndipo ubongo umene ukukula umazolowera kukhala tcheru usana ndi usiku. Mu 2011 ofufuza a ku London, motsogozedwa ndi Eamon McCrory, anajambula ubongo wa ana amene anakumana ndi nkhanza panyumba uku akuwaonetsa zithunzi za nkhope zokwiya. Mbali zoona za ngozi zinkagwira ntchito mopitirira, mofanana ndi zimene zinaonekapo mwa asilikali obwera ku nkhondo.

Kukhala tcheru kotereku kumamuteteza mwana ali m'nyumba ya nkhanza. Vuto limadza akakula, ngozi itatha koma mlonda akuuwabe, ngati galu amene amauwa ngakhale tsamba likagwa. Ndiye mumapeza mayi wa ana anayi amene munthu akangokweza mawu thupi lonse limanjenjemera. Mumapeza bambo amene sagona tulo pokhapokha atamwa kachasu, kapena amene amapsa mtima pa kanthu kakang'ono n'kudzadandaula m'mawa. Wina sakhulupirira munthu aliyense, banja lililonse limatha. Wina amangodziona wachabechabe, chifukwa mwana akamamenyedwa ndi womubereka saganiza kuti mayi alakwitsa, amaganiza kuti woipa ndi iyeyo, ndipo maganizo amenewo amakula nawo. Kwathu kuno anthu otere sabwera kuchipatala n'kunena kuti ndikuvutika maganizo. Amabwera ndi mutu wosatha, mtima kugunda, kuphwanya kwa thupi, kutentha pachifuwa. Tikayeza malungo palibe, magazi ali bwino, amatenga panado n'kubwerera, mwezi wamawa abweranso. Sindikunena kuti mutu uliwonse ndi wa nkhanza za paubwana, mundimvetse. Kuyezetsa n'kofunika nthawi zonse. Koma zoyeza zonse zikamatuluka bwino pamene munthu akuvutikabe, ndi bwino kufunsa za kumene wachokera.

Tsopano tibwerere ku funso lija loti si ife tili bwinobwinofe. Zoona, ambiri ali bwino. Widom yemweyo anapeza kuti ambiri mwa ana ozunzidwa aja sanasanduke zigawenga kapena anthu achiwawa. Chiopsezo si chiweruzo. Pamudzi paliponse pali agogo amene asuta chingambwe moyo wawo wonse ndipo afika zaka 90, koma zimenezo sizitanthauza kuti fodya sawononga mapapo. Komanso tikamati tili bwino timawerenga amene tikuwaona. Mchimwene uja amene anamira m'mowa, mnzathu uja amene anadzimangirira, mchemwali uja amene anathawa pakhomo ali ndi zaka 14 n'kukakwatiwa, amenewo sitiwaika m'chiwerengero. Ine ndimaona kuti ambiri amene anakula bwino, chinawakuza si chikwapucho, koma zina zabwino zimene makolo omwewo kapena abale ankawachitira.

Mwina mukuti, zimenezo ndi za nkhanza zazikulu, ine ndimangomenya pang'ono kuti mwana amve. Mu 2016 Elizabeth Gershoff ndi Andrew Grogan-Kaylor anasonkhanitsa kafukufuku wa zaka 50 wokhudza ana oposa 160,000, woona za kumenya ndi dzanja lokha popanda ndodo. Sanapeze umboni woti kumenya kumakonza khalidwe. Chimene anapeza n'choti ana omenyedwa kawirikawiri amakhala aukali, osamva, komanso ovutika maganizo kuposa anzawo, ndipo makolo omenya pang'onowo ndi amene tsiku lina amapitirira muyeso. Mwana amasiyadi chinthu nthawi yomweyo chifukwa cha mantha, n'chifukwa chake timaona ngati zathandiza. Koma chimene waphunzira ndi kubisa, ndi kunama, komanso kuti wamphamvu akakwiya amamenya. Akuluakulu anati kuwongola mtengo mpoyamba, ndipo ananena zoona, koma wowongola mtengo wanthete amauikira chochirikiza, saukwapula.

Malamulo nawo anatsatira pang'onopang'ono. Dziko la Sweden ndi limene linayamba kuletsa kumenya ana paliponse, ngakhale panyumba, mu 1979. Mu 1989 bungwe la United Nations linavomereza pangano la ufulu wa ana, ndipo Malawi analowamo mu 1991. Malamulo aakulu a dziko lathu a 1994 anathetsa chilango cha zikoti chimene makhoti ankapereka, ndipo mu 2010 kunabwera lamulo la chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana. Ku South Africa khoti lalikulu loona za malamulo a dziko linagamula mu 2019 kuti kholo silingadziteteze ponena kuti limangolanga mwana. Anzathu a ku Zambia analetsa kumenya ana paliponse mu 2022. Koma lamulo lili papepala, mwana ali kumudzi. Mu 2013 boma la Malawi linachita kafukufuku wa dziko lonse wa nkhanza kwa ana ndi achinyamata. Mwa a zaka 18 mpaka 24, atsikana pafupifupi 2 mwa 5 alionse ndi anyamata pafupifupi 2 mwa 3 alionse ananena kuti anachitidwa nkhanza zakuthupi asanakwane zaka 18, kuchokera kwa makolo, abale, aphunzitsi, anzawo kapena zibwenzi. Onani chiwerengero cha anyamatacho, kenako muganize za nkhani za kudzipha zimene apolisi amalengeza, zimene zambiri zimakhala za abambo. Zifukwa za kudzipha ndi zambiri, ngongole ndi mavuto a m'banja zilipo, koma mnyamata amene anaphunzitsidwa ndi ndodo kuti mwamuna salira amavutika kupempha thandizo zinthu zikathina.

Mary Ellen uja anapulumuka bwanji n'kulera ana ake bwino? Chifukwa chachikulu n'choti panapezeka anthu omulandira. Wofufuza wina, Emmy Werner, anatsatira ana 698 obadwa mu 1955 pa chilumba cha Kauai ku Hawaii mpaka atafika zaka 40. Mwa ana amene anakulira m'mavuto aakulu, umphawi, mikangano ndi uchidakwa wa makolo, mmodzi mwa atatu alionse anakula kukhala munthu wokhazikika. Chimodzi mwa zimene anali nazo ana amenewa chinali munthu wamkulu, ngakhale mmodzi yekha, amene ankawakonda mosasinthasintha: agogo, azakhali, mchemwali wamkulu, mphunzitsi kapena woyandikana naye nyumba. Ife a kumudzi tili ndi mwayi pamenepa, chifukwa mwana kwathu kuno sakhala wa munthu mmodzi. Mukamva kulira kosaleka kuseri kwa mpanda, kapena mwaona mwana akubisa dzanja lopsa, musamati za eni. Inuyo mukhoza kukhala munthu mmodzi ameneyo.

Kwa inu amene mwakula kale ndi bala limeneli, thandizo lilipo ndipo silifuna ndalama zambiri. Ku Zimbabwe dokotala wa matenda a maganizo, Dixon Chibanda, anaphunzitsa azigogo aakazi a ku Harare kukhala pa benchi panja pa chipatala n'kumamvetsera anthu ovutika ndi kuganiza kwambiri, kenako kuwathandiza kusankha vuto limodzi n'kupeza njira yolithetsera. Ntchitoyi amaitcha Friendship Bench. Atayiyesa mu kafukufuku amene anatuluka mu 2016, patatha miyezi 6 anthu 14 okha pa 100 alionse amene anakhala pa benchi ndi amene anali ndi zizindikiro za matenda okhumudwa, pamene mwa amene analandira chithandizo cha nthawi zonse anali 50 pa 100. Ubongo umene unaphunzira mantha umathanso kuphunzira mtendere, ngakhale munthu atakula.

Choncho ngati mwakhala masabata awiri kapena kuposa muli osasangalala, osagona, osafuna kudya, osafuna kuona anthu, kapena mukulota zakale mobwerezabwereza, pitani kuchipatala chapafupi ndipo mukanene zonse, osati mutu wokha. Muuzeni namwino kapena dokotala kuti maganizo akukuvutani ndipo munakula movutika. M'zipatala za m'maboma muli anamwino ophunzira za matenda a maganizo, ndipo vuto likakula kuli chipatala cha Zomba Mental komanso St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Kupita kumeneko sikutanthauza kuti mwapenga. Maganizo ofuna kudzipha akabwera musadikire masabata awiriwo, uzani munthu amene mumamukhulupirira lero lomwe ndipo akuperekezeni.

Ngati ndinu kholo ndipo mwaona kuti mkwiyo ukakwera dzanja limathamanga lokha, mmene ankachitira okulerani, tulukani kaye panja, katungeni madzi kapena mupatseni mwanayo munthu wina mpaka mtima utsike, kenako mudzakambe naye ndi kumupatsa chilango chosavulaza, monga kukonza chimene wawononga kapena kusapita kosewera tsiku limenelo. Khanda lokha musaligwedeze ngakhale lilire chotani, chifukwa mitsempha ya m'mutu mwake imaduka msanga. Likalira mpaka inu kutopa, ligonekeni chagada pamalo abwino ndipo muitane wina akuthandizeni. Mukadziwa mwana amene akuzunzidwa, imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana, kapena kauzeni a chitetezo cha ana a m'dera lanu, amfumu, kapena ofesi yothandiza ozunzidwa ku polisi. Ngati ali ndi bala, wapsa, akusanza kapena akungogona atamenyedwa m'mutu, yambani mwathamangira naye kuchipatala, zina zonse zibwere pambuyo.